Madola 9.12 miliyoni pa buku loti silidzatsegulidwanso

Nkhani ya buku la Superman limene linagulitsidwa pa okushoni ya kampani ya Heritage mu Novembala 2025 yandikwiyitsa, ndipo sindikuona chifukwa chobisira mkwiyo wanga. Bukulo ndi komiki yoyamba kutuluka ndi dzina la Superman pamutu pake, ya mu 1939, ndipo panthawiyo mwana ankaigula ndi masenti 10 okha. Anthu atatu a bere limodzi analipeza m'katoni kudenga la nyumba ya malemu mayi awo ku California, ndipo litafika pa okushoni linagulidwa madola 9.12 miliyoni. Sindikuwachitira nsanje, mwayi ndi wawo ndipo adyerere. Chimene chandinyansa n'chakuti aliyense wosimba nkhaniyi akuyamba ndi nambala 9.0, giledi yosonyeza mmene bukulo linasungikira bwino, n'kumalizanso ndi nambala yomweyo, osatchulako n'komwe zimene zinalembedwa ndi kujambulidwa m'katimo. Ndipo mwina akulondola, chifukwa wogula uja sanagule buku. Anagula nambala.

Amene simutsatira za makomiki akale, imvani mmene zimayendera. Mwini buku amalitumiza ku kampani yoyesa, ndipo yodziwika kwambiri ndi CGC ya ku Sarasota m'chigawo cha Florida, imene inayamba ntchitoyi mu 2000. Kumeneko akatswiri amayang'ana ngati ngodya za chikuto zinapindika, ngati msana wa buku uli ndi timizere tosonyeza kuti linatsegulidwapo kawirikawiri, ngati tizitsulo togwira masamba tinachita dzimbiri, ndiponso ngati pepala likadali loyera kapena layamba kufiirira. Akatero amapereka giledi yoyambira pa 0.5 kulekezera pa 10, n'kulitsekera bukulo m'kabokosi ka pulasitiki yolimba, pamwamba pake n'kuikapo kapepala ka nambalayo. Ukangothyola kabokosiko kuti uwerenge, giledi ija yatha ntchito. Ndiye kuti munthu amalipira ndalama zokwanira kumanga zipatala n'cholinga choti akhale mwini wa masamba amene iye mwiniyo saloledwa kuwaona. Amaona chikuto chakutsogolo ndi chakumbuyo basi. Kodi chimenecho chikadali buku?

Taonani kupusa kwake. Mu 2022 kope lina la Superman yemweyu wa 1939, la giledi 8.0, linagulidwa madola 5.3 miliyoni. Ili la 9.0 lagulidwa 9.12 miliyoni. Nthano yake ndi imodzimodzi, zithunzi ndi zomwezo, ojambula ndi omwewo, chaka ndi chomwecho, koma kusiyana kwa nambala imodzi pa sikelo ya kampani kwabala ndalama zotsala pang'ono kukwana madola 4 miliyoni. Ndalama zonsezo sizinalipirire luso la wolemba kapena dzanja la wojambula, zinalipirira ngodya yosapindika. Chimodzimodzinso Action Comics yoyamba ya mu 1938, mmene Superman anaonekera koyamba, imene inagulidwa madola 6 miliyoni mu Epulo 2024 ili ndi giledi 8.5, komanso Amazing Fantasy ya nambala 15 ya mu 1962, mmene munabadwira Spider-Man, imene inagulidwa madola 3.6 miliyoni mu 2021 chifukwa cha 9.6 yake. Ponseponse chikulamula ndi nambala. Chotsani kapepala kapamwamba kaja muone ngati anthu omwewo angaimike manja.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti dongosolo limeneli limalanga buku limene linakondedwa. Makomiki amenewa anasindikizidwa pa pepala lotchipa la nyuzipepala, ndipo anapangidwira ana kuti awerenge, abwerekane, apinde n'kuika m'thumba la kabudula. Chikuto chakumbuyo cha Superman wa 1939 chinali ndi chithunzi choti mwana adule n'kupachika pakhoma, ndipo ana ambiri anaduladi, n'chifukwa chake makope athunthu ndi osowa lero. Tsono kope limene mwana analiwerenga mpaka kukutumuka, limene linagwira ntchito imene linapangidwira, lero limapatsidwa giledi yamanyazi. Kope limene linaiwalika m'katoni kwa zaka zambirimbiri, popanda wolikhudza, ndilo likuvekedwa ufumu. Mphotho ikupita kwa buku limene silinawerengedwe, ndipo pofuna kuti mphothoyo isachoke, akulitsekera kuti lisadzawerengedwenso. Anthu amenewa amadzitcha okonda makomiki. Ine ndikukana. Amakonda pulasitiki ndi nambala.

Ndipo nambalayo musaiyese yopatulika. Amene amaipereka ndi anthu a maso awiri ngati ife tomwe, ndipo n'chizolowezi chodziwika pakati pa ogulitsa kuthyola kabokosi n'kutumizanso buku lomwelo poyembekezera kuti ulendo uno libwera ndi giledi yokwererako. Ena amayamba alisita kaye ndi makina otentha kuti makwinya achoke, ndipo zimenezo siziwerengedwa ngati kukonza, buku limabwerera ndi kapepala kabuluu ka ulemu wonse. Koma wina amene kalekale anamata tsamba long'ambika ndi guluu kapena kudzoza kautoto pamalo pofufuta, pofuna kuti buku lake likhalitse, amapatsidwa kapepala kapepo kosonyeza kuti bukulo linakonzedwa, ndipo mtengo wake umagwa chagada. Wosamalira buku akulangidwa, wosamalira nambala akudalitsidwa. Buku ndi lomwelo dzulo ndi lero, chimene chasintha ndi kapepala, ndipo ndalama zikutsatira kapepalako.

Ena andiuza kuti kuyesaku kunabwera chifukwa ogula pa intaneti ankapusitsidwa ndi ogulitsa onama, ndiponso kuti mitengo inapenga m'nyengo ya Covid pamene anthu a ndalama ankasowa koziika. Zimenezo ndazimva, koma sizikusintha kanthu. Enanso akuti wofuna nthanoyo akhoza kuwerenga makope osindikizidwanso amene ndi otchipa. Chabwino, ndiye vomerezani poyera kuti chimene mwasunga m'chipinda cha banki si buku koma chikole cha ndalama, ndipo musiye kutinamiza kuti mukusunga mbiri ya luso. Mbiri yotani yosungidwa pamalo poti ngakhale mwini wake sangaione?

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma mkuyu uli bwino chifukwa umatha kuung'amba n'kuona wekha. Kabokosi aka ndiye saloleza. Kumayambiriro kwa 2024 kampani ya CGC yomweyo inalengeza kuti akathyali ena ankatsegula timabokosi mochenjera, n'kuchotsamo buku labwino, n'kuikamo lina lotsika, ndipo mabuku mazana angapo anakhudzidwa ndi chinyengocho. Anthu anagula, anasunga, ananyadira, osadziwa kuti m'katimo muli china, chifukwa chimene ankayang'ana ndi nambala yapamwamba paja. Akanakhala anthu otsegula mabuku awo bwenzi wakubayo atasowa polowera. Umenewu ndiye umboni wanga wonse, ndipo sindikufuna wina.

Pamene tikukamba za mamiliyoniwa, tisaiwale amene anamulenga Superman. Jerry Siegel ndi Joe Shuster anali anyamata a ku Cleveland, ndipo mu 1938 anagulitsa kwa kampani yosindikiza makomiki nthano yoyamba ija pamodzi ndi umwini wonse wa Superman pa madola 130, oti agawane awiri. Atapita kukhoti mu 1947 kukafuna umwini wawo, sanaupeze, ntchito inawathera, ndipo mayina awo anachotsedwa m'mabukumo. Shuster anafika pokhala mtengatenga wopereka katundu uku maso akufa, ndipo Siegel anakagwira ntchito ya ukalaliki ya malipiro ochepa. Mpaka mu 1975, anthu atachita phokoso m'manyuzipepala, m'pamene kampani ya Warner, imene inali mwini wa kampani yosindikiza Superman, inavomera kumawapatsa madola 20,000 pachaka aliyense ndi kubwezeretsa mayina awo. Shuster anamwalira mu 1992, Siegel mu 1996. Pa madola 9.12 miliyoni aja, mabanja awo salandirapo ngakhale senti imodzi, chifukwa kope likagulitsidwa pa okushoni ndalama ndi za wogulitsa ndi kampani ya okushoniyo.

Ndipo ngati zimenezo sizinakukwiyitseni, imvani izi. Cheke chenichenicho chimene anyamatawo analipiridwa nacho mu 1938 chinasungidwa, ndipo mu 2012 nachonso chinakwera pa okushoni n'kugulidwa madola 160,000. Kapepala kowalanda Superman kanagulidwa ndalama zoposa kachikwi kuyerekeza ndi zimene iwo analandira pa Superman weniweniyo, ndipo pa chekepo mayina a onse awiri analembedwa molakwika. Manyazi mulibe, inu ogula manambala!