Atsikana aja anali atayankhula kalekale

Mwalemba kuti boma la America linachita changu pomanga Jeffrey Epstein, mpondamatiki amene ankaimbidwa milandu yogwiririra atsikana aang'ono, mu Julaye 2019. Pepani, pamenepo sindikugwirizana nanu. Apolisi a m'tauni ya Palm Beach ku Florida anayamba kumufufuza mu 2005, kholo la mtsikana wa zaka 14 litakadandaula. Atsikana ambirimbiri anafotokoza zofanana: kuitanidwa kunyumba kwake kuti akamusisite thupi, kuchitidwa zachipongwe, kupatsidwa ndalama, kenako kulonjezedwa zina akabweretsa anzawo. Ambiri anali a m'mabanja osauka, ndipo bamboyu ankadziwa kuti mwana wosowa pogwira savuta kumukola.

FBI, nthambi ya boma la America yofufuza milandu, inalowererapo, umboni unalipo. Koma ofesi ya Alexander Acosta, yemwe panthawiyo ankaimira boma pa milandu ku Miami, inamvana ndi maloya a Epstein mwamseri. Mu 2008 Epstein anangovomera milandu yopepukirapo m'khoti la Florida, n'kukhala m'ndende miyezi pafupifupi 13, masana akuloledwa kupita ku ofesi yake. Atsikanawo sanauzidwe n'komwe za mgwirizanowo. Apa mpamene mtima wanga umawawa kwambiri, chifukwa analimba mtima kuulula zinthu zochititsa manyazi, akuluakulu n'kuwataya ngati chikwanje chothyoka.

Nkhaniyi inadzukanso nyuzipepala ya Miami Herald itaifukula mu 2018. Epstein anafera m'ndende ku New York mu Ogasiti 2019 mlandu usanazengedwe, ndipo mnzake Ghislaine Maxwell, yemwe ankamupezera atsikana, anagamulidwa kukhala m'ndende zaka 20 mu 2022. Chonde, mukamalembanso mutiuze za ana amene akuti anazunzidwa kuyambira 2009 mpaka 2019, bamboyu akuyenda mfulu.