Banja likatha, tizikambanso za foni ya mwana

Ndakhalapo nkhoswe kawiri, ndipo kachiwiriko linali banja la mlongo wanga wobadwa naye bere limodzi. Tsiku lothetsa banjalo tinakhala pansi pa mtengo wa mango kwathu, kufupi ndi Kamwendo, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Tinawerenga malata, tinakangana za njinga, tinagawa matumba a mtedza ndi soya, mpaka mapoto anatchulidwa. Za ana awiriwo sitinachedwe nazo. Alamu anali mkamwini, ana ndi a mbumba yathu, basi atsala ndi mayi awo. Panalibe ndi mmodzi yemwe, ngakhale ineyo, amene anafunsa kuti anawa azilankhula bwanji ndi bambo awo. Patangotha miyezi itatu alamuwo anakwera basi ya ku Joni.

Poyamba ankaimba pa foni ya mlongo wanga. Amayamba ndi moni wa ana, koma kumathera kwake unali mkangano wa ndalama. Tsiku lina mlongo wanga anafika kwathu maso ali psuu ndi kulira, ndipo ine ndi mtima wapachala ndinati, "Achemwali, ingotsekani nambalayo. Munthu wosatumiza ngakhale ya sopo, mawu a ana akuwafuniranji?" Anaitsekadi. Ine ndinagona tulo tabwino, poganiza kuti ndateteza mbumba.

Amene ananditsegula maso ndi mwana wamkuluyo, mtsikana wa sitandade 5. Lamlungu lina masana ananditsatira kudimba, nagwada chapatali, n'kuti, "Atsibweni, ndibwerekeniko foni yanu ndiwafulashe ababa." Ndinamufunsa ngati nambala akuidziwa. Anatulutsa kope la masamu lomwe anabisa m'chitenje. Mkati mwa chikuto chakumapeto munali nambala yonse, kuyambira pa +27, yolembedwa ndi pensulo n'kubwerezedwanso ndi bolopeni kuti isafufutike. Miyezi isanu ndi iwiri mwanayu ankayenda nayo nambala imeneyi osauza munthu.

Ndinagula bandulo kudzera pa Mpamba, tinakwera pachulu pomwe netiweki imagwirako bwino, ndipo ndinaimba pa WhatsApp. Mukuganiza kuti mwanayo anali ndi nkhani yanji? Sanatchule za sopo kapena za amene analakwa. Anaonetsa bambo ake pepala la mayeso, kuti anakhala nambala 3 m'kalasi, kenako anawauza kuti mlongo wake wamng'ono waguluka dzino lakutsogolo. Mwamuna wamkulu uja kumbali inayo anangogwira pakamwa, mawu osatuluka. Ine ndinatsika pachulupo kukaima patali, manyazi atandigwira, chifukwa amene anatseka khomo limeneli ndinali ine.

Maganizo anga ndi akuti mawu a pafoni pakati pa mwana ndi kholo lake mwini wake ndi mwanayo. Si mphatso imene mayi amapereka kwa bambo akasangalala naye, si chinthu chimene bambo amagula ndi Airtel Money. N'chifukwa chake ndikuti pothetsa banja, kaya ndi pa ankhoswe, kwa amfumu kapena kukhothi, nkhani ya foni izikambidwa poyera ngati momwe timakambira za malata.

Malamulo ali kale kumbali ya mwana. Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino limati ana ali ndi ufulu wodziwa makolo awo ndi kuleredwa nawo, ndiponso kuti pa chigamulo chilichonse chokhudza ana, ubwino wa anawo uzikhala patsogolo. Gawo lomwelo limati mwana ayenera kulandira chithandizo kwa makolo ake, kaya ali pabanja, sanakwatirane, kapena banja linatha. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989, lomwe Malawi inavomereza mu 1991, limanena kuti mwana amene wasiyana ndi kholo limodzi ali ndi ufulu wokhalabe pa ubale ndi kulumikizana ndi makolo onse awiri kawirikawiri, pokhapokha ngati kutero kungamupweteke. Tilinso ndi lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010, ndi la maukwati ndi kutha kwa mabanja la mu 2015. Mu 2010 ambirife kuno WhatsApp tinali tisanaimve n'komwe. Ku America, dera la Utah linachita kuika m'malamulo ake mu 2004 nkhani yoti kholo lizicheza ndi mwana kudzera pa kompyuta. Ife sitiyenera kudikira mpaka aphungu akambirane zimenezi. Amene wapita kukhothi angathe kupempha amajisitireti kuti pa chigamulo cha kumene ana azikhala alembenso tsiku ndi nthawi yoimba, ndipo ankhoswe tingathe kuzilemba tokha papepala.

Ndikudziwa chimene amayi ambiri andiyankhe, popeza ndi chimene ndinanena ine ndemwe. Mwamuna ali ku Johannesburg, pa Facebook akuoneka atavala nsapato zatsopano, koma mwana kuno alibe yunifolomu. Aziimba kuti atani? Mkwiyo umenewo ndi woona, ndipo sindikuuchepetsa. Koma mlandu wa ndalama uli ndi bwalo lake. Kuli ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma, kuli khothi la ana komwe mayi angasume kuti bambo alamulidwe kupereka chithandizo, kuli a Legal Aid Bureau kwa amene alibe ndalama ya loya. Zimatenga nthawi, ndipo ngati munthuyo ali kunja kwa dziko zimavutirapo, izi sindikukana. Komabe mukatseka nambala, bamboyo amamva kuwawa sabata ziwiri n'kuzolowera, mwina n'kupeza chonamizira kwa anzake kuti amumana ana. Amene sazolowera ndi uja wabisa nambala m'kope. Ndipo tsiku lina adzakula, adzafunsa kuti anatseka ndani. Akulu anati chibale n'fupa, sichiola.

Abambo nanunso ndili nanu mawu, pakuti foni mwaiononga ndinu ambiri. Mwana akangoti "halo ababa", funso lachiwiri ndi lakuti, "Kunyumbako kukubwera ndani? Amako anagona kuti dzulo?" Mwana wa zaka 9 mwamusandutsa kazitape wa mayi ake omubereka. Amayankha mwachibwibwi akuyang'ana kumbali, chifukwa akudziwa kuti chilichonse chimene anene chipweteka mmodzi mwa anthu awiri amene amawakonda. Ena mumaimba usiku pakati mutamwa. Ena mumalonjeza njinga ya Khirisimasi yomwe sifika, ndipo mwana amathamangira kumsewu basi ikaima. Ena mumaimba masiku atatu otsatizana, kenako zii miyezi inayi. Kuimba kotereku n'kumene kumachititsa amayi kutseka nambala, ndipo pamenepo sindingawadzudzule kwambiri.

Amayi ena nawo amatsegula sipika n'kuima pambali manja ali m'chiuno, kumunong'oneza mwana kuti, "Auze za fizi." Mwanayo amasanduka mthenga wa ngongole. Zimachitikanso mbali inayo, kumene mkazi anali mtengwa ndipo ana anatsala kuchimuna. Kumeneko foni ili m'manja mwa bambo kapena mayi wopeza, ndipo wolira ndi mayi wobereka amene anabwerera kwawo ku Santhe kapena ku Mkanda.

Pali mabanja amene anatha chifukwa cha nkhanza, kumenya, kuopseza, ngakhale kugwirira ana. Amenewo ndi ena. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la mu 2006 limalola khothi kupereka chiletso choteteza wozunzidwa, ndipo foni isakhale njira yoti wozunza alowerenso m'nyumba imene anatulutsidwamo. Ngati mwana akunjenjemera foni ikalira, musamukakamize, pitani naye kwa a chisamaliro cha anthu kapena kupolisi ku ofesi yothandiza ozunzidwa.

Kwathu tinachita chonchi. Ndinaitana nkhoswe ya kuchimuna, tinakhalanso pansi pa mango uja, alamu ali pa foni. Tinagwirizana kuti aziimba Lamlungu lililonse 3 koloko masana, pa foni yanga osati ya mlongo wanga, kuti awiriwo asamakumanenso pa mawu. Bandulo azigula ndi iwo, ndalama yake azitumiza Loweruka. Kutchaja ndi udindo wanga, ndipo popeza kwathu kulibe magetsi, Loweruka madzulo foni imakagona kwa mnyamata wometa tsitsi amene ali ndi sola. Ana akamalankhula ine ndimapita patali. Za ndalama amakamba ndi ine tsiku lina, osati kudzera mwa ana. Akalephera kuimba azitumiza uthenga wa mawu usanafike usiku, kuti ana asakhale pachulu kudikira pachabe. Tinalemba makope awiri, nkhoswe iliyonse n'kusaina.

Sizinakonze zonse. Ndalama imabwera modumphadumpha mpaka lero, ndipo mlongo wanga nkhani imeneyo waipititsa kuboma, ine ndikumuperekeza. Foni nayonso siingalowe m'malo mwa kholo lokhala nawe pamphasa, ndiye alamu ndinawauza maso ndi maso pa kanemayo kuti akabwera kutchuthi ayambe afika kudzaona ana asanapite kwina kulikonse.

Lamlungu lapitali mvula inagwa kuyambira m'mawa, netiweki n'kumangoduka. Ana awiriwo anakhalabe pachulu atafunda thumba la feteleza, wamng'onoyo akukuwa mobwerezabwereza kuti, "Ababa, mukundimva? Dzino lija lamera!" Idadukanso, ndipo mtsikana uja anandiyang'ana n'kuti, "Atsibweni, tidikireko pang'ono, aimbanso." Inalira patapita mphindi zisanu.