Inu odzikonzera galimoto pakhomo, mudzatiphetsa

Loweruka lapitali kuno ku Area 25 tinathamangira kuchipatala ndi mnyamata wina, Sienta itamugwera pachifuwa. Anaikweza ndi kajeki kosinthira tayala, n'kuchirikiza ndi njerwa zootcha ziwiri, kenako n'kukwawira kunsi kuti akakhetse oyilo. Njerwa inaphwanyika. Chinamupulumutsa ndi amayi ogulitsa tomato pamsewu amene anamva kukuwa. Ali moyo, koma nthiti zathyoka. Chandipsetsa mtima n'chakuti mnyamata yemweyu anauzidwapo za pulani yolipiriratu sevisi pa galaja ina yooneka bwino, iye n'kukana, ati kumeneko n'kuba, zonse amazionera pa YouTube.

Ana inu, chakulowani n'chiyani?

Kukana pulani si mlandu ayi. Ndalama zake n'zambiri, ndipo galimoto zambiri zimene timaitanitsa ku Japan kudzera pa Dar es Salaam ndi pa Songwe zimafika zopanda pulani iliyonse. Kusintha oyilo, mapulagi ndi fyuluta ya mpweya munthu wosamala angathe. Ife tinkamasula tokha ma Peugeot 504 ndi ma Datsun pansi pa mtengo wa mango. Koma galimoto zimene zija zinalibe kompyuta m'kati, ndipo tisanagwire sipanala tinkakhala kaye pambali pa makaniko wamkulu n'kumafunsa. Inu mumafunsa ndani? Safunsa anadya phula.

Taonani zimene mukuchita. Vitz, Note ndi Sienta zambiri zili ndi giyabokosi ya otomatiki ya mtundu wa CVT, imene ili ndi oyilo wakewake. Inu mukuthiramo ATF, oyilo wamba wa magiyabokosi a otomatiki, poti ndiye wotchipa, ndipo ikayamba kunjenjemera pokwera chitunda mukuti anakuberani ku Japan. Kainjini kamene buku lake likunena oyilo wopepuka wa 0W-20 kapena 5W-30 mukukamwetsa 20W-50, ati oyilo wolemera ndiye wamphamvu. Anakuphunzitsani ndani zimenezo? Wina akugula oyilo wothiridwa m'botolo la madzi akumwa m'mbali mwa msewu, wopanda dzina, wopanda chidindo pa chivundikiro, osadziwa ngati anasefedwa kuchokera m'galimoto ya mnzake. Mu redieta mukuthira madzi a pamjigo m'malo mwa coolant, mankhwala oziziritsa injini, dzimbiri n'kudya m'kati monse, ndiye mudzadabwe injini ikawira pa Kanengo masana dzuwa likuswa mtengo? Getsi la check engine likayaka, ena mpaka kumatapo tepi yakuda kuti lisawasowetse mtendere. Tepi!

Ndipo tinene zoona, ambiri a inu mukamati ndimadzikonzera ndekha, palibe chimene mumakonza. Galimoto yoyenera kuchitidwa sevisi pa makilomita 5,000 ikuyenda 15,000, oyilo wada ngati phula la pamsewu. Fumbi la mu Okutobala la m'misewu ya ku Mtandire ndi ku Chinsapo ladzaza fyuluta, inu mukungoigogoda pa tayala n'kuibwezera. Mumaikumbukira galimoto tsiku lopita kukatenga COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, basi, ndipo ena mumachita kubwereka matayala kwa anzanu kuti mudutse, madzulo n'kubweza. Mukunamiza ndani?

Za mabuleki ndiye zimandisowetsa tulo. Mapadi atha, chitsulo chikulira pa chitsulo, dera lonse likumva mukamaima pa chipata, koma inu mukukweza wailesi. Brake fluid, mafuta a mabuleki, amamwa chinyezi pakapita nthawi, n'chifukwa chake amafunika kusintha pakatha zaka ziwiri. Munamusinthapo chigulireni galimotoyo? Tayala lakaunjika mwagula osayang'ana n'komwe manambala anayi a m'mbali mwake, amene amanena sabata ndi chaka chimene linapangidwa. Ndiye galimoto yotereyi mukwezemo mkazi, ana ndi apongozi, n'kutsika nayo Khwekhwelere ulendo wa ku Mangochi? Mabuleki akatentha pa makhota amene aja, kavidiyo ka pa foni kadzakuimitsirani galimoto? Nanga wa kabaza amene muti mumuwombe pa Bwandilo walakwanji?

Oyilo wakale uja mukumutaya mu ngalande, mvula ikagwa ulendo wa ku mtsinje wa Lingadzi, kumene anthu amachapa ndi kuthirira ndiwo zamasamba zimene inu nomwe mumagula. Manyazi mulibe.

Nanunso olipiriratu musamwetulire. N'zoona kuti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya oyilo ndi masipeya inakwera koopsa, ndipo amene mgwirizano wake unamanga mtengo anapuma. Koma pepala lanulo munaliwerenga musanasaine? Mapulani ambiri a sevisi amalipira oyilo, mafyuluta ndi ntchito ya amakaniko. Matayala mulibemo. Mashoko, klatchi ndi mapadi kawirikawiri mulibemo. Pulani imatha zaka zikakwana kapena makilomita akakwana, chimene chayamba kufika, ndipo mukajomba nthawi ya sevisi ena amauthetsa mgwirizanowo ndalama n'kupita. Inu simudziwa zonsezi, mumangodziguguda pachifuwa kuti yanga ili pa pulani, boneti osatsegula miyezi ndi miyezi. Kusolola kandodo koyezera oyilo m'mawa kumafuna digiri? Kupempha kuti akuonetseni fyuluta yakale imene achotsa kukukuvutani chiyani? Ndamvanso za ena opereka ndalama za zaka ziwiri kwa munthu amene galaja yake ndi mthunzi wa mtengo, popanda lisiti, popanda kalata. Akasamuka usiku mukamufuna kuti?

Koma amene ndalimbana nawo kwambiri ndi inu a sipanala. Ku Biwi ndi ku Malangalanga kuli amakaniko amene akalambira pa ntchito imeneyi, ndipo masipeya enieni ndi achinyengo amawazindikira pongowagwira. Kulipira mmodzi wa iwo kuti aone mabuleki, chiwongolero ndi giyabokosi mukuti n'kutaya ndalama, pamene Lachisanu lililonse ndalama yoposa pamenepo ikuthera m'botolo. Zitsulo zochirikizira galimoto simungagule, buku la galimoto yanu simunalitsegulepo, kope lolembamo tsiku ndi makilomita a sevisi mulibe, koma mukudzitcha akatswiri.

Ngati simukudziwa, tulani sipanalayo pansi, mupite nayo galimotoyo kwa odziwa. Tatopa nako kunyamula anthu.