Mbira yangoti phee ndewu itatha? Musafulumire kunena kuti zatha

Anzanga oweta mbira, pali mawu amene ndimawamva kawirikawiri ziwiri zikamenyana: "Zatha basi, inayo yagonja, pano m'khola muli bata." Ine mawu amenewa sindigwirizana nawo. Mbira ndi kanyama kamene kuthengo kamasakidwa ndi zilombo zambiri, ndiye kanazolowera kubisa ululu, poti kakaoneka kofooka ndi komwe kamayamba kugwidwa. Mukaona yadziunjika pakona, ubweya uli nyankhalala, maso ali tsinzinitsinzini, kawirikawiri ikumva kuwawa kapena yagwidwa ndi mantha. Ndewu ikatha maso athu amathamangira kwa yaukali ija, chonsecho yofunika kuiyang'anitsitsa ndi yomwe yakhala chete.

Si phokoso lililonse lomwe ndi ndewu. Makolo a mbirazi, ku mapiri a Andes ku South America, ankakhala m'magulu, ndipo pagulu pamayenera kudziwika kuti wamkulu ndani. Mukaona ina ikuyenda mwapang'onopang'ono, ikugwedeza chiuno kwinaku ikung'ung'uza chapansipansi, ikukwera inzake pamsana (zamphongo zokhazokha zimatero, zazikazinso zimatero), kapena zikutukulirana zibwano kuti zione itsitse mutu ndi iti, zisiyeni, zikugawana maudindo. Apa ndi pomwe chifundo chimaononga zinthu. Munthu azilekanitsa lero, mawa azibweza, mkuja azilekanitsanso. Nthawi iliyonse zikakumananso zimayambira pachiyambi kufunsana za ukulu, mkangano wa masabata ochepa n'kusanduka wa miyezi.

Zikayamba kukukuta mano mwamphamvu, kuyasamula moonetsa mano akutsogolo, ubweya wa pakhosi utaimirira, pamenepo khalani pafupi. Zikagwirana n'kumagubuduzika ngati mpira umodzi, musalowetsepo dzanja. Mbira yofatsa imene imadyera m'manja mwanu tsiku ndi tsiku ikulumani mpaka magazi, chifukwa nthawi imeneyo siona kuti ikuluma ndani. Ponyanipo thaulo, kapena lowetsani katoni pakati pawo.

Mukazilekanitsa, tengani iliyonse payokha, mupatule ubweya ndi zala pang'onopang'ono. Onani milomo, mphuno, makutu, khosi ndi kumatako, poti yothawa imalumidwa kumbuyo. Bala la dzino limaoneka laling'ono, kadontho chabe, ndipo limatseka msanga pamwamba pomwe tizilombo tatsekeredwa m'kati. Pakapita masiku angapo mumangopeza chotupa. Mafinya a mbira ndi olimba, satuluka okha bwinobwino, ndiye nkhani imeneyo ndi ya dokotala wa ziweto. Ndipo chonde, musaipatse mankhwala otsala a m'nyumba. Penicillin ndi amoxicillin amapha tizilombo tabwino ta m'matumbo mwa mbira, ndipo mbirayo ikhoza kufa ndi mankhwala omwewo.

Chimene chimandiopsa kwambiri kuposa bala ndi kusiya kudya. Matumbo a mbira amafuna kuti udzu uzidutsamo usana ndi usiku. Ikakhala theka la tsiku osadya, ndowe zachepa kapena zasowa, musadikire kuti kuche. Vuto lake n'lakuti m'khola la mbira ziwiri chakudya chimatha ndithu, ndiye mwini amaganiza kuti zonse zikudya. Khalani pansi mphindi khumi, muone. Mupeza yamphamvu ija yagona pafupi ndi mbale, osaluma, osathamangitsa, kungotukula mutu basi, inzake n'kubwerera kukabisala. Kumadzi chimodzimodzi. Nkhanza zoterezi zilibe phokoso, n'chifukwa chake ndimati woweta mbira aliyense akhale ndi kasikelo. Mbira yaikulu imalemera magalamu 700 mpaka 1,200. Iyezeni sabata iliyonse, ndipo zikamenyana muziiyeza tsiku lililonse pa nthawi yofanana. Ikatsika ndi magalamu 50 khalani tcheru, ikafika 100 pitani nayo kwa dokotala.

Yaukaliyo nayo tisaipatse dzina loipa msanga. Zamphongo zikamakula, kuyambira miyezi itatu kapena inayi mpaka kupitirira chaka pang'ono, magazi amawira, ndipo ziwiri za msinkhu umodzi zimafika pamenepa nthawi imodzi. Fungo la yaikazi, ngakhale la pamanja panu, likhoza kudanitsa zamphongo zomwe zinakulira limodzi. Mbira imene inali yofatsa zaka zonse n'kuyamba kuluma mwadzidzidzi, ine ndimayamba ndakayikira matenda: nthata za pakhungu zimene zimayabwa koopsa, mano amene akula mopitirira (mano a mbira sasiya kukula), ndipo kwa zazikazi, zotupa za m'mabasiketi a mazira, zomwe nthawi zina zimathothola ubweya m'mbali zonse ziwiri. Ena amathamangira kukafula yamphongo poganiza kuti ifatsa. Kufula kumaletsa kubereka, koma pa chidani cha zamphongo ziwiri sikusintha kwenikweni.

Nanga khola? Makola ambiri ogulitsidwa ndi aang'ono kwambiri. Mbira ziwiri zimafuna malo osachepera masikweya mita 0.7, zamphongo zimafuna oposa pamenepo. Mbale ziwiri, mabotolo awiri amadzi, milu iwiri ya udzu motalikirana, ndi tinyumba ta makomo awiri kuti yothamangitsidwa isapanikizidwe m'kati. Ndewu zambiri zimathera pamenepo.

Koma ngati zalumana mozama mpaka magazi, maganizo anga ndi akuti musazikakamize kugwirizana. Mukafuna kuyesa, dikirani mabala apole, muzikumanitse pamalo otakasuka amene palibe fungo la iliyonse, mulu wa udzu pakati, opanda tinyumba, inu muli pomwepo ndi thaulo kwa maola angapo. Zikagwirananso, ndiye kuti zakana, ndipo kuyesa kachitatu ndi kachinayi n'kuzunza yofookayo kuti mtima wanu ukhale m'malo. Ndikudziwa kuti ena anditsutsa, ati mbira siyenera kukhala yokha. Zoona, dziko la Switzerland linafika poletsa mwalamulo kuweta mbira imodzi yokha kuyambira 2008. Koma kulekanitsa sikutanthauza kuitaya ina kuchipinda kwina. Ikani waya pakati pa khola, iliyonse ikhale ndi malo ake okwanira, zizionana, zizinunkhizana, zizilirirana. Ambiri amaona kuti yamantha ija imayambanso kutuluka, kudya ndi kudumphadumpha pakangopita masiku ochepa. Ndipo mukazipeza zagona mogundana ndi waya, iyi uku iyi uko, musathamangire kuchotsa wayayo poganiza kuti zasowana. Nthawi zina iliyonse imakhala ikungolondera malire ake.