Wodwala khunyu timangomufunsa kuti wagwa kangati

Abale anga, munthu wa khunyu akapita kuchipatala amafunsidwa kuti mwezi uno wagwa kangati, amapatsidwa mankhwala, n'kubwerera. Kunyumba nakonso timangofunsa ngati wamwa mapiritsi. Za mumtima mwake palibe amafunsa, ndipo ine ndikuona kuti anthu ena tikuwataya chifukwa cha zimenezi.

Kafukufuku wamkulu wa ku Denmark, yemwe anatuluka mu 2007, anapeza kuti anthu a khunyu amadzipha mochuluka pafupifupi katatu kuposa anthu ena. Nthawi yoopsa kwambiri inali miyezi 6 yoyamba munthu atauzidwa kuti ali ndi matendawa, makamaka ngati analinso ndi matenda a maganizo. Kumenekotu n'ku Denmark, kumene mankhwala sasowa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu a khunyu alipo pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse, ndipo pafupifupi 80 mwa 100 alionse ali m'maiko osauka ndi opeza pang'ono, monga kwathu kuno.

Mbali ina ya vutoli ili mu ubongo momwemo. Madokotala amati khunyu ndi matenda okhumudwa kwambiri zimayenderana, moti ena kukhumudwako kumayamba asanagwepo n'komwe. Mankhwala enanso, monga phenobarbitone yemwe ndi wofala m'zipatala zathu, amafooketsa maganizo a anthu ena. Koma chonde, wina asawerenge izi n'kusiya mankhwala payekha. Kusiya mwadzidzidzi kungabweretse kukomoka kosalekeza komwe kungaphe. Kauzeni adokotala kapena anamwino, alipo mankhwala ena monga carbamazepine ndi sodium valproate, iwo aone oyenera.

Mbali inayo ndife tomwe. Mtsikana agwa pamsika, thovu kukamwa, chitenje chamasuka, mwinanso wadzikodzera. Anthu apanga bwalo, palibe womugwira poti amati thovulo limapatsira, wina watulutsa kale foni akujambula. Akatsitsimuka aona maso okhaokha. Mawa lake adzukanso bwanji kupita pamsika pomwepo? Kunyumba ali ndi mbale yakeyake ndi kapu yakeyake. Kusukulu anamusiyitsa. Mnyamata amene ankamufuna, azimalume ake anamuuza kuti kubanja kumeneko kuli matenda akugwa. Kutchalitchi ena akuti ndi ziwanda, kumudzi akuti anamulodza, ndipo akapsa ndi moto pogwa amauzidwa kuti basi sadzachiranso. Zonsezi ndi zabodza. Khunyu sipatsirana, ndipo WHO imati anthu mpaka 70 mwa 100 alionse akhoza kusiyiratu kugwa atalandira chithandizo choyenera. Koma munthu womva zotere chaka ndi chaka amafika podziona ngati katundu wolemetsa abale.

Ndiye mukamva m'bale wanu akuti "ndatopa nawo moyo uno" kapena "ndikungokuvutitsani", musamuyankhe kuti limba mtima, pemphera. Kupemphera n'kwabwino, inenso ndimapemphera, koma khalani naye pansi mumufunse mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Ambiri timaopa kuti tikafunsa timupatsa nzeru yoipa. Akatswiri a maganizo amati sizili choncho, munthu amapepukidwa akapeza womumvetsera. Akavomera, musamusiye yekha, mankhwala ake muzisunga ndinu n'kumamupatsa pa nthawi yake, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Zipatala za m'maboma zili ndi ogwira ntchito za matenda a maganizo, kulinso St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndi chipatala cha Zomba Mental.

Kwa inu ogwira ntchito ku kiliniki ya khunyu, ndikudziwa mzere umakhala wautali ndipo mumatopa. Komabe mukamalemba m'buku la kuchipatala kuti wagwa kangati, mufunseninso ngati akugona tulo, ngati akudya, ndi ngati pali amene amacheza naye kunyumba.