Gasi akupita kunja, ife feteleza tikugula wodula

Abale anga a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, mvula ikamayandikira funso limakhala limodzi pamsika uliwonse: thumba la yureya lafika pa zingati? Komatu yureyayo kholo lake ndi gasi wa methane, amene dziko lathu lili naye wochuluka. Ku fakitale amasakaniza methane ndi nthunzi pa moto wa madigiri 800 mpaka 900 kuti apeze haidrojeni. Haidrojeniyo amaiphatikiza ndi naitrojeni wa mumpweya n'kupanga amoniya, ndipo kuchokera pamenepo ndi pomwe pamatuluka timibulu toyera timene timathira m'chimanga. Gasi wa ku Pande ndi Temane wakhala akuyenda m'paipi ya makilomita 865 kupita ku Secunda, South Africa, kuyambira 2004. Wa ku Rovuma anayamba kukwera sitima zapamadzi mu 2022. Ife timadikira feteleza atsike padoko la Beira, akwere mathiraki, mtengo uli kukwera naye njira yonse. Zimandipweteka mtima.

Ukafunsa amati fakitale yotere ndi yaikulu kwambiri, ndalama zake sitingazikwanitse. Pa njira yakale akunena zoona. Methane ndi wouma mutu, sasweka msanga, ndipo akayamba kusweka, haidrojeni yotulukayo ikadzadza m'ng'anjo ntchito imaima panjira, gasi wambiri n'kutsala wosasintha. N'chifukwa chake amawonjezera moto ndi kumanga zimatanki zina zoyeretsera.

Apa ndi pamene ine ndaika mtima pa chipangizo chotchedwa membrane reactor. Mkati mwa ng'anjo amaikamo chubu chokhala ndi khoma lopyapyala kwambiri, nthawi zambiri la chitsulo cha palladium, lomwe limalola haidrojeni yokha kudutsa. Amayi athu posinja sasiya ufa mumtondo, amasefa, zotsala n'kubwezeramo, musi uzigunda pa zimene zisanaphwanyike. Khoma lija likamachotsa haidrojeni ikangobadwa, methane wotsala amapitiriza kusweka, ndipo moto wa madigiri 500 mpaka 600 umakwanira. Kuphika ndi kuyeretsa zimachitikira m'chombo chimodzi, ndiye fakitale ikhoza kukhala yaing'ono.

Si feteleza yekhanso. Mu 1993 akatswiri a ku Dalian, ku China, anasonyeza kuti methane akhoza kusanduka benzene pogwiritsa ntchito chitsulo cha molybdenum ndi timiyala totchedwa zeolite pa madigiri 700, ndipo benzene amapangira mapulasitiki ndi mankhwala osiyanasiyana. Vuto linali loti gasi wosintha anali pafupifupi magawo 10 okha pa 100 aliwonse, mwaye n'kutseka chipangizo posachedwa. Mu 2016 ofufuza a ku Oslo, Norway, ndi ku Valencia, Spain, anaikapo khoma la seramiki loyendera magetsi, lomwe limatulutsa haidrojeni kwinaku likulowetsa okosijeni pang'ono kuti mwaye uzichepa. Magetsi? Cahora Bassa ili kwathu kuno ku Songo, mamegawati 2,075, ndipo ambiri mwa iwo amapitanso ku South Africa.

Sindikunena kuti mawa tidzuka fakitale itaima ku Ulónguè ayi. Palladium ndi wodula, salifa akangomukhudza amasiya kusefa, ndipo kumata chubu cha seramiki kuti chisadonthe pa moto woterewu ndi mutu umene ukuzunguzabe mainjiniya. Zambiri mwa zipangizozi zikadali poyeserera. Koma ine ndikuona kuti nthawi yolowamo ndi yomweyi, zinthu zisanakhwime n'kukhala za eni ake oti tizikawagwadira.

Methane wa kuno sachita kusowa. Malasha amasunga gasi ameneyu m'ming'alu yake, ndipo pokumba amathawira m'mwamba, komwe pa zaka 20 amatenthetsa dziko mowirikiza ka 80 kuposa carbon dioxide. Moatize ndi malasha okhaokha. Ndowe za ng'ombe zathu za ku Angónia zikawolera m'dzenje lotseka zimatulutsa gasi amene kuposa theka lake ndi methane, ngakhale amayenera kuyamba wachotsedwa salifa. Magwero ang'onoang'ono otere sangadyetse chifakitale ngati cha ku Secunda, koma kachipangizo kakang'ono kangawakwane.

Tili ndi Instituto Superior Politécnico de Tete, komwe ana athu amaphunzira za migodi, ndi sukulu ya zaulimi ya UniZambeze ku Ulónguè. Ndikufuna makampani okumba malasha m'chigawo chino aikeko ndalama zomangira labotale ya gasi, ndipo boma pokambirana nawo za ziphaso liziika mfundo imeneyi patebulo. Aphunzitsi a kemisitiri m'masekondale mwathu, auzeni ana kuti yureya amachokera kuti. Inunso makolo, mwana akati akufuna uinjiniya wa kemisitiri musamukankhire ku ntchito yoyendetsa thiraki ya pamgodi chifukwa choti ndiyo ikulipira msanga.