Alembi achinyamata inu, lekani kutinamiza ndi maloto

Sabata yathayi ndinapemphedwa kuti ndithandize kuwerenga nthano zazifupi zimene achinyamata anatumiza ku mpikisano wina wa zolembalemba, ndipo ndinazinyamula kupita nazo kunyumba mtima uli dyokodyoko, poganiza kuti ndikamva zokoma. Ndinakhala nazo pakhonde kuyambira mmawa mpaka nkhuku zitalowa m'khola, koma chimene ndinapindula ndi mutu wowawa basi. Ana inu, kodi chakulowani n'chiyani?

Nthano yoyamba inali ya mtsikana wa ku Ntcheu amene pa tsamba loyamba anali Nachisale, koma pofika pa tsamba lachitatu anali atasanduka Nabanda, ngati kuti mfunda ndi chitenje choti munthu n'kusintha akachokera kosamba. Mlembi amene waiwala mpangankhani wake wamkulu nkhani ili mkati akuyembekeza kuti ine, munthu wapadera, ndimukumbukire bwanji? Wina anandilembera banja likukolola chimanga chouma ndi kuthira m'nkhokwe mwezi wa Januwale, nthawi imene aliyense wobadwira kumudzi amadziwa kuti anthu amakhala ali pa kalikiliki wobandira, ufa utatha m'nyumba zambiri. Winanso anakweza mnyamata wake basi ku Blantyre dzuwa litakwera kale, n'kukamutsitsa ku Mzuzu nthawi ya nsima yamasana, ulendo umene umadya tsiku lathunthu pa msewu wa M1. Kodi basiyo inali ndi mapiko? Malo ndi nthawi yochitikira nkhani si zokongoletsera ayi, ndipo wowerenga akakugwirani bodza pa chinthu chimene iye amachidziwa bwino, sadzakukhulupiriraninso pa china chilichonse.

Nanga zoyankhulana za apangankhani anuwo ndinene chiyani? Ndinawerenga mkamwini akukumbatirana ndi apongozi ake aakazi pabwalo, kenaka n'kuwafunsa kuti, "Iwe, wagona bwanji?" Ndinavula magalasi n'kuwapukuta, poganiza kuti maso ndiwo akundinamiza. Ndi mudzi uti umenewo? Mukadafuna kutionetsa kuti mkamwiniyo ndi wamwano, bwenzi mudzi wonse utatekeseka ndipo ankhoswe ataitanidwa, pamenepo nkhani ikadayamba kukoma. Koma ayi, aliyense m'nthanomo anangopitiriza kumwa tiyi. Agogo, mfumu, wogulitsa makala ndi mwana wa sitandade 2, onse amayankhula mofanana, ndipo onse amamveka ngati mlembi mwini wakeyo.

Chimene chinandipweteka koposa n'chakuti nthano zambiri zinalibe mkangano. Munthu adzuka, asamba, adya, apita kutauni, abwerako, ndipo masamba asanu atha popanda chimene akufuna kapena chimene chikumutsekereza. Kodi simunakhaleko pamoto madzulo, inu? Agogo akati "Padangotero," ife tinkayankha kuti "Tili tonse," ndipo mawu amenewo sanali amwambo chabe, pakuti kuyankhako kukayamba kuzilala iwo ankadziwa kuti ana ayamba kusinza, choncho ankafulumira kuponya Kalulu m'mavuto. Kalulu anakana kukumba nawo chitsime nthawi ya chilala, komabe ludzu linamugwira, madziwo anawafuna, alonda anawapusitsa mmodzimmodzi, mpaka anakumana ndi Kamba, nyama imene onse ankaiderera. Taonani mmene chinthu chilichonse chikuberekera chinzake, kuchokera pa ulesi kufika pampondachimera. Mayi wosadziwa kulemba ngakhale dzina lake ankautha msoko umenewu, ndiye inu a masatifiketi mukulephera pati?

Tsono mathero ndiwo manyazi enieni. Mlembi akaona kuti wazikoleza yekha ndipo sakudziwa potulukira, amangoitana galimoto kuti idzagunde mpangankhani wake, kapena kumugwetsera matenda adzidzidzi amene sanatchulidwepo n'kale lonse. Choipitsitsa ndi chija chakuti, "Mwadzidzidzi ndinadzidzimuka, ndipo ndinazindikira kuti anali maloto." Ndinachipeza kambirimbiri tsiku limodzi lomwelo, moti nthano ina ndinaiponya pansi mpaka mdzukulu wanga anathamanga kudzafunsa ngati ndalumidwa ndi chinkhanira. Mwandiyendetsa mtunda wonsewo, ndamvera chisoni mwana wamasiye, ndakwiyira amalume ake olanda chuma, kenaka mukundiuza kuti zonsezo kunalibe? Kumeneko ndi kuba nthawi ya munthu. Enanso amamaliza ndi ndime yonse ya ulaliki yotiuza phunziro la nkhaniyo, ngati kuti owerengafe ndife ana a mkaka oyenera kutafuniridwa.

Musandiuze kuti Chichewa n'chosauka kapena kuti mulibe zipangizo. Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, anatulutsa buku lake la Nthondo mu 1933, wopanda kompyuta kapena intaneti, ndipo anatha kutsatira moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka kumwalira osamutaya panjira. Inu muli ndi foni m'manja usana ndi usiku, koma kuwerenganso kawiri chimene mwalemba musanatumize mukuona ngati ndi thangata. Mukapitiriza chonchi owerenga adzakuthawani, ndipo mudzayamba kudandaula kuti Amalawi sakonda kuwerenga, chikhalirecho mwawaingitsa ndinu.

Envulopu ija ndabweza kwa eni ake. Chaka chamawa wina akadzanditumiziranso maloto, ndidzalekera pa tsamba loyamba. Mundimve bwino.